Ulusi wa a Endre

Kalman anali atamasula kale ulusi wonse pamene mlongo wake Piroska ankalowa m'khitchini, mphika wa nkhuku uli m'manja. Thabwa lalikulu la bambo awo linali likadali pakhoma, koma linangotsala ndi misomali yokhayokha, mzere wina kumanzere, wina kumanja, msomali uliwonse uli ndi kapepala ka dzina kunsi kwake. Ulusiwo, wofiira ndi woyera, anali ataukulunga pamodzi kukhala kampira, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene akudikira kuyamikiridwa.

"Wachita chiyani iwe?" Piroska anafunsa.

"Ndikukonza m'nyumba. Anthu ali m'njira kuchokera kumanda, ndiye adzapeze ukonde wa kangaudewu pakhoma? Taona mafuta ake. Wina unachita kumatirira ku msomali."

Piroska anaika mphika pachitofu pang'onopang'ono, chifukwa ankadziwa kuti akafulumira augenda. "Kalman, si kangaude ameneyo. Ndi anthu. Lolemba m'mawa anthu amenewo akuyenera kukafika kuchipatala."

Kalman anayang'ana kampira kaja, n'kuyang'ananso khoma. "Nanga bwanji sanalembe pena pake ngati munthu wina aliyense?"

"Unawaonapo abambo akuchita chinthu ngati munthu wina aliyense?"

A Endre Bakonyi, bambo wa awiriwa, anamwalira Lachitatu masana ali pampando wawo, magalasi ali pamphuno. Anabwera kuno ku Ontario kuchokera ku Hungary akadali mnyamata, n'kugula nyumba pakati pa minda ngakhale kulima sankakudziwa, ndipo kwa zaka zambiri ankapita mumzinda kukaphunzitsa masamu payunivesite. Masamu ake osati owerengera ng'ombe ayi. Moyo wawo wonse unathera pa funso limodzi: ukakhala ndi magulu awiri, ndipo wa gulu lino angayanjane ndi ena okha a gulu linalo, kodi n'zotheka kuti aliyense apeze mnzake wakewake, popanda wotsala ndiponso popanda wa mitala? Ife alimi tinkawaseka kuti boma likulipira munthu wamkulu ndi ndevu zake kuti azilumikiza timadontho papepala. Iwo ankaseka nafe, n'kumapitiriza kulumikiza.

Atapuma pantchito, timadontho tija tinasanduka ifeyo. Kuno kuli anthu amene impso zawo zinasiya kugwira ntchito, oti katatu pa sabata ayenera kukakhala pa makina osefa magazi kutauni, apo ayi madzi awadzaza m'thupi. Basi siifika kuno. Minda ndi yotalikirana, nthawi ya wodwala aliyense ndi yakeyake, choncho mwini galimoto mmodzi amanyamula wodwala mmodzi. A Endre anakhoma thabwa m'khitchini: odwala kumanzere, eni magalimoto odzipereka kumanja. Ulusi woyera unkatanthauza kuti uyu angathe kunyamula uyu. Wofiira unkatanthauza kuti akumunyamuladi. Piroska, amene ankakhala chapafupi ndipo ndiye ankawaphikira ndi kuwachapira, ankadutsa pa thabwalo maso ali kumbali. Ankadziwa kuti ukaliyang'anitsitsa, mawa lake dzina lako lili pa msomali.

Anthu anadzaza nyumba. Anadya nkhuku ya tsabola wofiira, yophikidwa mmene malemuwo ankaikondera, ndipo ena ankapukuta misozi yosadziwika bwino ngati ndi ya maliro kapena ya tsabola. Piroska sanakhale pansi. Ankayendayenda kampira kaja kali m'thumba, kufunsa aliyense wa galimoto kuti, "Pepani, inu mumanyamula ndani?" Akamva, ankathamangira kukhitchini kukamanga ulusi wofiira. Sizinavute, poti munthu saiwala amene amamudzukira m'mamawa. Pamene mbale zinkasonkhanitsidwa, misomali yonse inali itapeza anzawo kupatula iwiri. Wakumanja, wa a Endre eniakewo, unali ndi kapepala ka mawu amodzi okha, akuti "Ine". Wakumanzere unalembedwa kuti "Orval Tait".

Piroska anatembenukira kwa mayi Lorna, mayi wojintcha amene kale ankayendetsa galimoto ya makalata, ndipo tsopano anali kutsuka makapu ngati m'nyumba mwake.

"Mayi Lorna, zoona izi? Abambo ankanyamula a Tait?"

"Aa, sunkadziwa? Papita nthawitu, mwanangu. Nanga akanawanyamula ndani? Tonse tinayesapo. Ine ananditukwana kuyambira pachipata mpaka pakhomo la chipatala, ati ndikuyendetsa ngati ndanyamula mazira. Pobwerera ndinapondako pang'ono, ati ndikufuna kuwapha."

"Nanga dzulo anapita bwanji?"

Mayi Lorna anatsitsa mawu. "Anadziyendetsa okha, ndi maso awo aja. Kupita anafika. Koma munthu akachoka pa makina aja amakhala alibe mphamvu, ndiye pobwerera anakagwera mu ngalande pafupi ndi mlatho. Iwo sanavulale, galimoto ndiye yatha ntchito." Anapukuta kapu, n'kuiika pashelefu. "Lolemba akapanda kupita, ndiye kuti tikumananso kumanda kuja sabata isanathe."

Anthu atabalalika dzuwa likupendeka, awiriwo anatsala okha m'khitchini. Kalman, amene amagulitsa nyumba kumzinda wakutali wa Calgary ndipo nyumba iliyonse amaiona ngati katundu wa pamsika, anali atayamba kale kuyang'ana ming'alu ya kudenga.

"Si nkhani yathu imeneyo," anatero. "Aimbire achipatala, kapena a kutchalitchi. Ine ndege yanga ndi Lachiwiri. Nyumbayi tiigulitse chisanu chisanafike povuta, thabwalo tipatse wina."

"Achipatala alibe galimoto yofika kuno, ndipo a kutchalitchiwo ndi omwe ali pa misomaliwa. Palibe wina wotsala."

"Ndiye uwanyamule iweyo. Si umagwirira ntchito pakhomo?"

"Eya, zonse Piroska. Mankhwala a abambo, Piroska. Kuchapa, Piroska. Bokosi la maliro, Piroska. Achimwene angobwera ndi suti yawo kudzamasula ulusi."

Kalman anagwetsa nkhope, chifukwa zinali zoona. Madzi ankadontha pampopi umene a Endre ankati aukonza kuyambira chaka chatha.

"Kuyendetsa ndingayendetse," Piroska anatero pamapeto pake. "Ndinyamula wina aliyense, ngakhale mbuzi. Koma munthu ameneyo m'galimoto mwanga ayi."

Kalman sanafunse chifukwa chake. Piroska ali mwana wa sukulu anali ndi galu wakuda amene ankagona kumapazi kwake. Tsiku lina galuyo analumpha mpanda n'kulowa pakati pa nkhosa za a Tait. A Tait anamuwombera, anamubweretsa m'thumba, n'kumuponya pachipata mwanayo akuona, osanena ngakhale pepani. Zaka zapita, imvi zayamba kumera, koma Piroska akamadutsa pamunda umenewo mtima umamuwawabe. Ndipo chimene chinkamupweteka kwambiri tsopano n'chakuti bambo ake, amene anakumba okha dzenje la galuyo, ankatsegulira munthu ameneyo chitseko cha galimoto osamuuza. Anaona ngati amupereka.

Kalman anatola ulusi wotsala uja n'kumauponyaponya m'manja. Kenako anakweza chala chimodzi m'mwamba, anatsitsa chibwano, n'kulankhula ndi mawu okhuthala a bambo awo, aja sanasinthe chibwerere ku Hungary: "Yambira pa wotsala."

Piroska anadzutsa mutu. Amenewo anali masewera a patebulo ali ana. A Endre ankandandalika masipuni mbali ina, makapu mbali ina, chakudya chikuzizira, malemu mayi awo akukalipa. Lamulo lake linali lakuti wotsala usamukakamize pa munthu amene sakumufuna. Yambira pa iye, tsata ulusi woyera kukafika kwa amene angathe kumutenga. Ameneyo ukamupeza ali kale ndi wake, tsata ulusi wofiira kubwerera kwa wakeyo, n'kumufunira wina ndi ulusi woyera. Woyera, wofiira, woyera, wofiira, mpaka utafika pa msomali wopanda kanthu. Ukafika, sinthanitsa mitundu m'njira yonseyo, woyera ukhale wofiira, wofiira ukhale woyera. Aliyense amene anali ndi mnzake amakhalabe ndi mnzake, ngakhale wina, ndipo wotsala uja wapeza wake.

"Kani ukukumbukira?" Piroska anafunsa.

"Ndinkachita kulota nazo. N'chifukwa chake ndinathawira kogulitsa nyumba." Kalman anaimirira n'kugogoda msomali wa "Ine" ndi chala. "Msomali wopanda kanthu ndi uwu, ndipo tsopano ndiwe. Sikuti uyenera kunyamula a Tait ayi. Tingofuna njira yochokera kwa iwo kudzafika kwa iwe."

"Ulusi woyera unauzula wonse."

"Ndiubwezera. Pakamwa pokha ndiye ndili napo."

Apa ndiye Kalman anaonetsa kuti ku Calgary sadya zaulere. Anakhala pampando wa bambo ake foni ili kukhutu, kuimbira eni magalimoto mmodzimmodzi. Ankayamba ndi kuthokoza chifukwa chobwera kumaliro, n'kuyamikira keke ya mkazi wa munthu ngakhale sanailawe, kenako n'kufunsa ngati mocheza kuti, kupatula amene mumanyamulayo, ndaninso angakwane mwanumo? Akatchula dzina, Piroska ankamanga ulusi woyera. Akatchula a Tait, mbali inayo kunkamveka chifuwa, kapena nkhani ya matayala akutha.

Mmodzi yekha ndiye anavomera kuti angawapirire. Anali a Wendell, mkulu amene mkazi wake anamwalira kalekale, ndipo makutu ake nawo anatsatira mkaziyo, samamvanso bwino. Iwo anati akangochotsa kachipangizo kawo ka m'khutu kothandiza kumva, munthu atha kutukwana mpaka atatopa. Koma a Wendell ankanyamula kale mayi Mavis, amene amayendera mpando wamatayala, ndipo mpando umenewo unkakwana m'galimoto ziwiri zokha, ya a Wendell ndi ya mayi Lorna. Mayi Lorna nawo ankanyamula a Quang, mkulu wofatsa wokonza mawotchi, woti aliyense angamunyamule, ngakhale Piroska m'kagalimoto kake.

Piroska anayendetsa chala pa ulusi kuchokera kumanzere kupita kumanja, kubwerera, kupitanso. "A Tait apite kwa a Wendell. Mayi Mavis apite kwa mayi Lorna. A Quang abwere kwa ine."

"Palibe wotsala," anatero Kalman.

"Palibe wa mitala."

Anayang'anizana, n'kuphulika ndi phwete, koyamba chimwalirire bambo awo. Kalman anakatenga botolo la mowa waukali wa zipatso limene a Endre ankabisa kuseri kwa thumba la ufa poganiza kuti palibe akudziwa, ndipo anamwa pang'onopang'ono ataimirira patsogolo pa thabwa ngati ana amene akhoza mayeso. Piroska anamva kupepukidwa. Munthu sakafa, ndipo iye sakakhala naye m'galimoto imodzi.

Lamulungu mapemphero atatha, Piroska anadikira panja pa tchalitchi pomwe amaimika magalimoto. Kunja kunali mphepo yolowa m'mafupa, ndipo anthu ankapatsana moni akuthamanga. Anapeza mayi Mavis ali pampando wawo kudikira mpongozi wawo, a Wendell ataima chapatali chipewa chili m'manja. Kutchalitchi awiriwa ankangopatsana moni wamba ngati anthu ongodziwana pankhope.

Piroska anawaitanira pamodzi n'kufotokoza. Anachita kubwereza mokuwa kuti a Wendell amve.

"Ngati zithandiza, palibe vuto," anatero a Wendell, akukonza tayi yawo yomwe inali yokonzeka kale. "Orval ndi munthu nayenso."

"Zili bwino, mwanangu," anatero mayi Mavis. "Lorna amayendetsa bwino." Kenako anakweza mawu. "A Wendell, ndiye mundipatsiretu katundu wanga."

A Wendell anapita kugalimoto yawo. Anabwera ndi mtsamiro wamaluwa n'kuuika pamiyendo ya mayi Mavis. Anabwerera, anabwera ndi bulangete. Anabwereranso, anabwera ndi buku la nyimbo la zilembo zikuluzikulu. Zonsezo akanatha kunyamula ulendo umodzi, koma ankabweretsa chimodzichimodzi, ndipo ulendo uliwonse unkatalika kuposa woyamba. Pomaliza anabwera ndi kachitini ka maswiti. Kameneka sanakapereke msanga. Anakatsegula n'kuyang'anamo.

"Mwatsala obiriwira okhaokha, aja simuwakondawa," anatero. "Ndimati ndigula ena mawa."

"Musavutike." Mayi Mavis analandira kachitiniko, kenako anakuwa kuti mkuluyo amve, mpaka abusa pakhomo anacheuka: "Mankhwala anu a mtima muzimwa! Tsopano palibe wokukumbutsani!"

Piroska anamva manyazi amene sanadziwe kuti achokera kuti. Masamu anali olondola, aliyense anavomera, palibe anadandaula. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kugundana ndi mayi Lorna, amene anali kuonerera zonsezo manja ali m'matumba.

"Ndiye waipeza njira ija," anatero mayi Lorna.

"Njira iti?"

"Ya bambo ako. Ukuganiza kuti munthu wolemba mabuku a zimenezi akanalephera kuiona? Anabwera kwanga kalekale ndi chingwe choyezera, kudzaona ngati mpando wa Mavis ungakwane mwanga. Ulusi woyera anamanga, koma sanaufiiritse. Ndinawafunsa kuti, aphunzitsi, mukuzunzikiranji ndi Orval pomwe mungathe kumusiyira Wendell, inu n'kutenga Quang wosavutayu? Ukudziwa anati chiyani? Anati, Lorna, papepala njira imeneyo siipweteka munthu, chifukwa timadontho sitisowana." Anapukuta mphuno ndi kansalu. "Nanenso Quang ndinamuzolowera. Mkazi wake amanditumizira supu m'botolo. Koma usade nkhawa, ndife akuluakulu, tizolowera zina."

Piroska anaima pamphepopo akuyang'ana a Wendell, amene anali kutseka chitseko cha galimoto yawo mosamala ngati muli mwana wogona. Anapsa mtima ndi bambo ake, chifukwa ngakhale ali m'manda anali atamugwira. Anawasowanso nthawi yomweyo, kusowa kwenikweni, kuposa tsiku la maliro. Anayenda kukafika pa mayi Mavis, ananyamula mtsamiro, bulangete, buku ndi kachitini zonse pamodzi, n'kukazipachika m'manja mwa a Wendell.

"Bwezerani m'galimoto!" anakuwa. "Ndasokoneza ndine! Mawa muwatenge monga mwa masiku onse!"

"Nanga Orval?"

"A Tait ndi anga!"

A Wendell anayang'ana katunduyo, anayang'ana mayi Mavis, ndipo makutu awo ogonthawo anafiira.

Kunyumba anapeza Kalman atadula kale ulusi wofiira, akungodikira kuti asinthanitse mitundu. Piroska anamuuza zonse ali chiimire, chikhoti osavula. Kenako anatenga chidutswa chimodzi m'manja mwake, anachimanga pa msomali wa a Tait, n'kuchikokera pa msomali wa "Ine". Kapepalako sanakasinthe.

"Ukwanitsa?" Kalman anafunsa.

"Sindikudziwa. Mwina ndikawatsitsa pamlatho paja, akamalize zimene anayamba."

Kalman anakanda pamutu, anayang'ana kudenga, koma ulendo uno osati ming'alu. "Ndege ndiisuntha. Lachitatu ndiwanyamula ine, iwe upume. Nyumbayi idikire chisanu chithe, siithawa."

"Msomali umodzi anthu awiri? Abambo akanakuthamangitsa m'kalasi."

"Anandithamangitsa kale."

Piroska anasangalala, ndipo chakudya cha masana anamuikira nthuli yaikulu.

Lolemba m'mawa Piroska anapeza a Tait ataima kale pachipata chawo atatsamira ndodo. Anali atachepa kuposa mmene Piroska ankawakumbukirira. Nkhope inali yotupa, mapazi ali m'nsapato zosamanga zingwe chifukwa sizikanatheka kumanga. Anasuzumira m'galimoto ngati akuyang'ana khola la nkhumba.

"Wachedwa," anatero. Sanachedwe.

"Mwadzuka bwanji, a Tait?"

"Ndadzuka bwanji? Taona mapaziwa undiuze wekha. Kagalimoto aka n'ka munthu kapena ka chidole? Miyendo ndiika kuti?"

Analowa movutikira, akukana kugwiridwa. Njira yonse pakamwa sipanapume. Akamachepetsa liwiro ati akugona, akamawonjezera ati akufuna cholowa. Moto wotenthetsera m'galimoto ati wachuluka, atauchepetsa ati akufuna kuwaumitsa. Atadutsa pamlatho, pomwe mikwingwirima ya matayala inkaonekabe kulowera mu ngalande, Piroska analephera kudziletsa.

"Munandiphera galu."

"Anandiphera nkhosa."

"Imodzi."

"Inali ndi bere."

Panalibe wopepesa mnzake. Anayenda mtunda ndithu, minda yokolola kale ikudutsa mbali zonse. Kenako a Tait, nkhope ili kuwindo, analankhula motsitsa.

"Bambo ako anachita zamwano, kufa osandiuza. Kumanda sindinabwere. Ndikanabwera pa chiyani?" Anatsokomola. "Belu la kutchalitchi lokha ndinalimva."

Nthawi yomweyo mkuluyo anayamba kudandaula za galimoto ya mkaka imene inali patsogolo pawo.

Kuchipatala, Piroska anaganiza zongowafikitsa pampando wawo, iye n'kukakhala m'nyumba ya khofi ya kutsidya kwa msewu kugwira ntchito zake mpaka nthawi yowatenga. Anawaperekeza m'chipinda chachitali cha mipando yotsamira, makina ataima pambali pa mpando uliwonse. Chakumapeto anaona mayi Mavis bulangete lili pamiyendo, a Wendell akuwawerengera nyuzipepala mokuwa. A Tait anakhala pampando wawo, anapinda malaya, n'kuonetsa mkono wodzaza zipsera. Piroska anatembenuka kuti azipita.

Namwino wamfupi wa imvi anamugwira chikhoti. "Ndinu mwana wa a Endre? Pepani ndi zovutazi. Musachoke kaye."

Namwinoyo anakokera kathebulo pafupi n'kuyamba kung'amba timapepala ta masingano. Pomwepo Piroska anaona chinthu chimene sakanakhulupirira akanachita kuuzidwa. A Tait, amene dera lonse limawapatukira panjira, anasiya kulankhula. Nkhope inatuwa, thukuta linatuluka pamphumi, maso anakakamira pa singano, ndipo mkono unayamba kunjenjemera mpaka mpando unkalira.

"Akakhala chonchi sindingabaye," namwino ananong'oneza. "Lachisanu tinavutika nawo zedi. Singano amaiopa ngati mwana, koma mukawauza atha kukudyani. Bambo anu ankakhala apo, mbali inayo. Akangondiona ndikung'amba pepala, ankayambitsa mkangano. Uliwonse. Bodza lililonse limene labwera, bola mkuluyu apse mtima, atembenukire kwa iwo. Tsiku lililonse ankabwera ndi latsopano, moti ife tinkachita kudikira kuti lero anena chiyani."

Piroska anayang'ana mbali inayo. Panali kampando kapulasitiki kopanda munthu. Anazungulira, anakakokera pafupi, n'kukhalapo m'mphepete.

"A Tait," anatero.

Sanamve. Maso anali pa singano.

"A Tait, pali zimene ndakhala ndikufuna kukuuzani. Mizere ya m'munda mwanu ndi yokhota."

Mutu unatembenuka pang'onopang'ono. "Wati chiyani?"

"Yokhota. Aliyense amadziwa. Anthu akamadutsa pamsewu amachita kuchepetsa liwiro kuti aseke bwino."

"Yokhota? Yanga? Iwe mwana wa munthu amene sankatha kusiyanitsa pulawo ndi supuni, ukandiuze ine za mizere? Ndinapambana mpikisano wolima m'boma lino lonse iwe usanabadwe! Ndi mahatchi, osati thirakitala!"

"Ndiye kuti oweruza anali ataledzera."

"Ataledzera? Kafunse aliyense! Mzere wanga ukhoza kuwomberamo mfuti chipolopolo osakhudza dothi!"

Singano yoyamba inali italowa kale. Namwino anabaya yachiwiri, anamata bwinobwino, anayatsa makina, n'kuchoka akubisa kumwetulira. A Tait sanaone chilichonse. Anali atafika pa dzina la hatchi yachiwiri, chala chili m'mwamba, nkhope itabwerera mwakale.

Piroska anavula chikhoti, anachikoleka kumbuyo kwa kampandoko, n'kukhala bwinobwino kuti amve zotsalazo.